Nkhuku ya pa Chiwaya ndi Nkhuku ya mu Mphika: Malangizo kwa Mabanja a kwa Mponda

Kuyambira masiku akale, pamene mudzi wa Mfumu Mponda unali dooko lalikulu pa mtsinje wa Shire, Azungu asanadze kudzamanga linga lawo la Fort Johnston m'chaka cha 1891, ndiwo za tsiku ndi tsiku za anthu a dziko lino zinali nsomba, ndipo nkhuku inali chiweto cha ulemu, chosungidwira mlendo wochokera kutali, mayi wotuluka m'chikuta, anamwali ochokera ku ndagala ndi ku msondo, ndiponso ankhoswe pa tsiku lomanga ukwati. Koma zinthu zatembenuka ife tikupenya. Chambo chinayamba kusowa m'nyanja ya Malombe m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero, ngakhale ku Makawa ndi ku Namiasi kumene ngalawa zimakocheza, banja la msodzi lomwe limachilawa mwa apo ndi apo. Pamene nkhuku zachizungu, zimene zimakula m'masabata 6 okha, zadzaza m'misika, zina zamoyo, zina zouma m'mafiriji, zina zokazingakazinga pa chiwaya. Munthu wotsika minibasi pa depoti ya pa boma, kapena wodutsa pa Mpondasi dzuwa likupendeka, amalonjeredwa ndi fungo la nkhuku yokazinga asanalonjeredwe ndi munthu. Ndipo ngati ali ndi kandalama m'thumba, funso limamfikira lokha: kodi ndigule yophikaphika, kapena ndigule yamoyo akaphike kunyumba?

Kabuku kano kalembedwa kuti kathandize inu, amayi ndi abambo eni makomo, kuyankha funsolo mosathamanga. Ndinenetu poyamba pomwe maganizo anga, kuti muwayese pamene mukuwerenga: nkhuku ya pa chiwaya imadyetsa pakamwa pamodzi, koma ya mu mphika imadyetsa khomo, chifukwa chake muyeso woona wa mtengo wa nkhuku si ndalama za nthuli imodzi ayi, koma kuchuluka kwa anthu amene anyamuke pamphasa atakhuta.

KUWERENGERA KWAKE

Sindilemba mitengo muno, pakuti kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mtengo wolembedwa pa pepala umakalamba inki isanaume. Chimene ndingakupatseni ndi njira yowerengera, yoti muigwiritse ntchito ndi mitengo ya tsiku limene muli pamsika.

Nkhuku imodzi ikadulidwa monga adulira ogulitsa, imatulutsa nthuli pafupifupi 10: ntchafu ziwiri, miyendo iwiri, mapiko awiri, chidale chogawidwa pakati, msana ndi khosi. Tsono imani pa chiwaya, funsani mtengo wa nthuli imodzi, muuchulukitse kakhumi. Umenewo ndiwo mtengo wa nkhuku yathunthu yophikaphika. Kenaka pitani kumene amagulitsa zamoyo, funsani mtengo wa ya msinkhu wofanana, muwonjezepo ndalama za makala kapena nkhuni zophikira mphika umodzi, kamafuta, tomato, anyezi ndi mchere. Mukaika mitengo iwiriyi pafupi, mudzaona kusiyana kwake ndi maso anu; ndipo kusiyanako musakuyese kuba, pakuti mnyamata wa pa chiwaya nayenso wagula mafuta ndi nkhuni, wadula chiphaso cha msika, waima pa moto kuyambira m'mawa, ndipo ali ndi ana oyembekezera kudya pa thukuta lakelo. Iye akukugulitsani nyama pamodzi ndi ntchito yake. Funso ndi lakuti: kodi ntchitoyo mukuisowadi lero, kapena pakhomo panu alipo manja oti aigwire?

Dziwaninso kuti nyama ikalowa m'mafuta otentha imataya madzi ake nkufota, kotero kuti pa magawo anayi a kulemera kwake limodzi limatha pamoto, nthawi zina koposa. Madzi amenewo, pamodzi ndi mafuta a nkhukuyo ndi kukoma kwa m'mafupa, pa chiwaya amauluka ndi utsi kapena kutsalira m'chitsulo. Koma mu mphika wovindikira amasanduka msuzi.

ZIMENE SIZILOWA M'PEPALA LA WOGULITSA

Pano mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti tikhalepo pang'ono. Taonani mayi amene wazingitsa nkhuku pakhomo pake. Waiviika m'madzi otentha, osati owira kwambiri kuopa kusupula khungu, waisosola nthenga, waiwaula pa lawi kuti timaubweya tothere, waitumbula mosamala kuti ndulu isaphulikire pa chiwindi. Pa lichero pake tsopano pali nthuli khumi zija, koma palinso mutu, mapazi, chiwindi, mtima, nthutumba yong'ambidwa ndi kutsukidwa, matumbo owongoledwa ndi kukulungidwa pa mapazi, ndipo ikakhala thadzi, timazira tachikasu ta m'kati. Zonsezi nzake, sanawonjezere tambala ndi mmodzi yemwe. Pamene pa chiwaya chilichonse cha izi chili ndi mtengo wakewake.

Akaika nthulizo mu mphika ndi madzi pang'ono ndi mchere, nazisiya zibwate kufikira mafuta ake atuluka okha, nkuthiramo anyezi ndi tomato, nkuwonjezera madzi kachiwiri, amapeza msuzi wokwanira kutsira nsima ya anthu asanu ndi atatu. Ndipo mwana amene walandira kaphiko kokha, pokhala ali ndi msuzi wosunsamo mbamu yake, amatha nsima yonse mpaka kunyambita zala. Yesani tsono kubwera ndi nthuli zitatu zouma m'kapepala pakhomo la anthu asanu ndi atatu omwewo. Nsima siitsika ndi nyama youma. Mayi ayenera kukolezabe moto kuti aphike nsimayo ndi ndiwo zina za msuzi, kotero kuti nkhuni zimene mumati mwapulumutsa zapsa ndithu, ndipo ana atsala akuyang'ana m'manja mwa akulu.

Ndiponso mphika umalola kuti nkhuku italikitsidwe. Tsiku loyamba mudye ntchafu ndi chidale. Mafupa, msana, khosi ndi mapazi muziwiritsenso mawa lake ndi nkhwani, chisoso kapena chigwada chothira nsinjiro, kapena muphikiremo mpunga. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndiwo zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mphika wa nkhuku wotere, pambali pa nsima, umasonkhanitsa magulu anayi kapena asanu m'mbale imodzi, pamene nkhuku ndi tchipisi za pa chiwaya zimafika pa atatu, pena anayi ngati pali kakabichi pamwamba.

Pano ndili ndi mawu kwa inu abambo, ndipo ndiwanena mwaulemu koma mosabisa. Mwambo unatipatsa ife nthutumba, chiwindi ndi ntchafu, nusiyira ana mutu ndi mapazi. Koma kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Ndipo chiwindi cha nkhuku, chimene chili ndi vitamini A ndi ayironi wochuluka wothandiza magazi, chimapindulitsa thupi la mwana amene akukula koposa la munthu amene anakula kale. Mwana akakwana miyezi 6, chiwindi chophikidwa bwino ndi kunyenyedwa chingathe kulowa m'phala lake. Ulemu wa mwini khomo suchepa chifukwa wapatsa mwana wake chiwalo chabwino. Ndipo chimene chimandiwawa mtima koposa ndi ichi, kuti bambo adye nthuli ziwiri yekha pa msika, napukuta pakamwa, nafika kunyumba kumene ana akudya nsima ndi masamba opanda mafuta. Ndalama zomwezo zikanagula mazira oti aliyense alawe.

ZA MOTO NDI NTHAWI YA MAYI

Koma tisanamizire kuti kuphika kunyumba nkwaulere. Nkhuku yachikuda, makamaka tambala wokhwima kapena thadzi losiya kuikira, imafuna maola awiri kapena kuyandikira apo kuti ifewe, pamene yachizungu imapsa ola lisanathe. Ndipo aliyense woona matumba a makala akutsika panjinga kuchokera ku mapiri a Namizimu ndi Phirilongwe adziwa kuti moto wakwera mtengo, ndi kuti nkhalango zathu zikulipira. Mayi amene walawirira ku dooko kukapikula usipa, nausenza, nauyanika pa thandala, nabwerera dzuwa litalowa, nthawi yake ili ndi mtengo ngakhale palibe amene amamlipira.

Moto ungathe kuchepetsedwa. Dulani nthuli zazing'ono. Vindikirani mphika ndi chivindikiro chokhala bwino. Madzi akawira, fumulani nkhuni zina kuti ubwate pang'onopang'ono, pakuti madzi owira mwaukali satentha kuposa owira modekha, amangotha msanga. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu a pamtetete, kumene mphepo ya mwera imamwaza lawi. Ndipo ntchito ya kuzinga, kusosola ndi kuwaza nkhuni siinalembedwe pa mphumi pa mayi yekha. Anyamata a pakhomo aigwire.

PAMENE KUGULA YOPHIKAPHIKA KULI KWANZERU

Zilipo nthawi zimene ine ndemwe ndingakulangizeni kugula. Munthu wa paulendo wopita ku Namwera, ku Makanjira kapena ku Monkey Bay sanganyamule mphika. Mnyamata wokhala yekha m'kachipinda ka lendi, wopanda firiji, akagula nkhuku yathunthu idzamuonongekera theka, ndipo kwa iye nthuli imodzi ndiyo yotsika mtengo. Wodikirira wodwala kuchipatala, amene akufuna kanthu kotsegula pakamwa pa wodwalayo, agule, koma asankhe yotentha. Momwemonso m'mwezi wa Ramadani, wogwira ntchito amene nthawi yomasula yampeza ali kutali ndi kwawo.

Palinso njira yapakati imene ambiri saiganizira: ngati ndalama sizikwana nkhuku yathunthu, gulani ziwalo zosaphika, monga makosi, mapazi, misana kapena ziwindi, mukaphike ndi msuzi kunyumba. Pogula youma ya m'firiji, ikhale yolimba gwa. Mukaona madzi ofiirira ataundana pansi pa pepala lake, dziwani kuti inasungunuka magetsi atazima nkuumanso, ndipo muisiye.

Koma kwa mlendo wolemekezeka, apongozi kapena ankhoswe, nkhuku yogula yophikaphika siikwana, ngakhale ikome bwanji. Pakuti mlendo amafuna amve kulira kwa nkhuku kuseri kwa nyumba, ndi kupeza nthutumba m'mbale yake, kuti adziwe kuti yaphedwa chifukwa cha iye. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri ya mmene munamlandirira imatsala.

ZA MATENDA A M'MIMBA

Dziko lathu lino nlotentha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 30 masiku ambiri. M'kutentha kotere tizilombo tosaoneka ndi maso, monga Salmonella timene timakhala m'matumbo a nkhuku, ndi tina tochokera m'manja mwa anthu ndi ku mapazi a ntchentche, timaswana mofulumira pa nyama yozizira, kotero kuti tina timawirikiza kawiri m'mphindi 20 zokha. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO limalangiza kuti nyama ipse kufikira madigiri 70 m'kati mwake, ndi kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda koposa maola awiri chisanadyedwe kapena kutenthetsedwanso. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayambira kwa anansi athu ku Machinga mu Malichi 2022, nupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ali pakati pa maboma okanthidwa koposa. Kolera imayenda m'madzi ndi m'zakudya zogwiridwa ndi manja osasamba, ndipo ndicho chifukwa chake pa nthawi za mliri akuluakulu amaletsa malonda a zakudya zophikaphika.

Chifukwa chake, mukaima pa chiwaya, musachite manyazi kupenyetsetsa. Wogulitsa wabwino ali ndi ndowa ya madzi ndi sopo pambali. Nyama yaiwisi ili m'beseni lake lovindikira, kutali ndi yakupsa. Mpeni ndi thabwa lodulira yaiwisi sizikhudza yakupsa. Amatola nthuli ndi foloko kapena chipande, osati ndi dzanja lomwe lalandira ndalama. Yang'anani mafuta ake: akakhala akuda bii, olemera, ochita thovu ndi utsi woyabwa pakhosi, akazingira masiku ambiri ndipo sali abwino m'thupi. Nthuli zoikidwa m'mphepete mwa chiwaya, kumene chitsulo chili chofunda chabe, mwina zakhalapo kuyambira m'mawa. Nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, tandibwezerani iyi pakati itenthe," ndipo mudikire kufikira iwire m'mafutamo. Mukaing'amba, pafupa pasakhale pofiira kapena potuluka magazi. Ogulitsa aukhondo alipo ambiri, ndipo mukampeza wotere mumsunge, muzigula kwa iye.

Malamulo omwewa agwiranso kunyumba, pakuti mphika wa pakhomo suyera chifukwa ndi wanu. Sambani m'manja ndi sopo mukatha kutumbula. Madzi otsukira nkhuku muwataye m'dzenje, kutali ndi mbale ndi posewerera ana. Matumbo osadyedwa ndi nthenga muzikwirire. Ndiwo zotsala usiku muziwiritse musanagone, muzivindikire osazigwiranso, ndipo m'mawa muziwiritsenso kufikira msuzi ubwate musanapatse mwana.

ZA KUZINGA

Kuno kwa Mponda Asilamu ndi Akhristu amadyera mbale imodzi pa maliro, pa sadaka ndi pa ukwati, ndipo nchizolowezi chabwino kuti ngakhale banja lachikhristu, likafuna kupha nkhuku yoti adye anthu ambiri, limaitana mnansi wachisilamu adzazinge monga mwa chilamulo chake, kuti pasakhale wobweza dzanja. Nkhuku yozingidwa pakhomo mwaiona ndi maso anu: munaiona ikuyenda, ikutola chakudya, maso ali gwa, lipombo lili lofiira. Ya pa chiwaya simunaione, ndipo mukudalira mawu a wogulitsa; tsono funsani kuti anazinga ndani. Chenjerani makamaka m'miyezi yotentha pamene chitopa chabuka m'midzi, nkhuku zikugwa m'makola, mitengo nkutsika mwadzidzidzi. Chitopa pachokha sichidwalitsa munthu wodya nyama yopsa bwino, koma nkhuku yofa yokha simudziwa chimene chaipha ndi nthawi imene yagona, ndipo Chisilamu chimailetsa, nzeru za umoyo zimailetsanso.

NKHUKU YOTSIKA MTENGO KOPOSA ZONSE

Yotsika mtengo koposa ya pa chiwaya ndi ya pamsika yomwe ndi imene ikupalasa kuseri kwa nyumba yanu, yodya gaga, madeya, chiswe, nyenyeswa za usipa ndi zotsala za m'mbale. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 kufikira 15 pa nthawi imodzi, limafungatira masiku 21, ndipo limatero katatu kapena kanayi pa chaka. Anapiyewo amafika podyedwa pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Banja lokhala ndi mathadzi anayi ndi tambala mmodzi, likasamala, lingathe kudya nkhuku mwezi ndi mwezi osatulutsa ndalama, ndi kutsala ndi mazira a ana. Ofuna zazikulu thupi ndi zoikira kwambiri angafunse kwa alangizi za nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene zimakwerana bwino ndi zachikuda.

Chimene chimagwetsa mphwayi anthu ambiri ndi chitopa, chimene chimasesa khola lonse m'masiku owerengeka ndipo chilibe mankhwala ochiza nkhuku ikadwala. Koma katemera alipo, wotchedwa I-2, wopangidwa ku labotale ya zaziweto ku Lilongwe, amene amapirira kutentha kusiyana ndi akatemera ena. Kaperekedwe kake ndi dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, miyezi inayi iliyonse, ndiko kunena katatu pa chaka. Ndipo mtengo wa dontholo ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi mtengo wa nkhuku. Katemera amateteza nkhuku yamoyo wabwino, sachiritsa yodwala. Tsono musadikire kumva kuti kwa anansi zayamba kufa, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Gwirizanani mudzi wonse kudzera kwa a mfumu, muitane mlangizi wa ziweto kapena wotemera wa m'dera lanu pa tsiku limodzi, nkhuku zonse zitsekeredwe m'makola kuyambira usiku, pakuti botolo likatsegulidwa liyenera kutha msanga.

Akuluakulu anati nkhuku yoweta sagula pamsika, ndipo ngakhale iwo amanena za kusankha mbeta, mawuwo ndi oona pa nkhuku zenizeni: pamsika mpamene nkhuku za midzi yambiri zimakumana nkupatsirana matenda. Yoti muwete muipeze kwa mnansi amene khola lake mukulidziwa. Ndipo iliyonse yachilendo, ingakhale ya mphatso yochokera kwa achibale, muisunge payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu. Yogula pamsika kuti mudye isagone m'khola, izingidwe tsiku lomwelo. Khola likhale lokwezeka pa mitengo, lotsekeka bwino usiku chifukwa cha vumbwe ndi njoka, losesedwa kawirikawiri ndi kuwazidwa phulusa lophera utitiri, zitosi zake zipite ku dimba. Ndipo anapiye muwasunge pansi pa dengu lalikulu kapena m'kampanda masabata awo oyamba, muziwapatsa madzi oyera ndi gaga wosakaniza ndi usipa wosinja, kufikira atakula moti mphamba sangawanyamule.